Lenti yanga ya mtedza ku Jeremani

Anzanga a kwaya, mwandivutitsa mokwanira kuti ndifotokoze za ku Jeremani, ndipo ndavomera chifukwa zomwe a Sumani akufalitsa m'Balaka muno azithira mchere wambiri. Bola mumve kwa mwini wake.

Sukulu yathu ya ku Rivirivi ili pa ubale ndi sukulu ina ya kumeneko, ndipo chaka chimenecho anaitana aphunzitsi awiri kuti akacheze sabata imodzi. Anasankhidwa a Sumani, ahedi athu, ndi ineyo Esinala, mwana wa ku Nsanama, amene ulendo wanga wautali kuposa onse unali wa sitima kupita ku Nayuchi. Ndinanyamuka ndi cholinga chimodzi basi, choti anthu a kumeneko akaone kuti kwathu timaleredwa. Ndinasoketsa madiresi atatu. Mayi anga anandikazingira mtedza wodzaza jumbo, ine n'kumawaseka kuti, "Amayi, ndikupitatu ku Ulaya, kulibe njala kumeneko." Iwo anangoukankhira pansi pa zovala.

Tinafika Lachisanu chakumadzulo. Sanatiike ku hotela, anatigawa m'makomo. A Sumani anatengedwa ndi banja lina, ine n'kupatsidwa mayi Birigita, mphunzitsi wopuma pantchito, wokhala yekha, woonda ngati bango koma wamtima wabwino zedi. Atandionetsa chipinda anandifunsa m'Chingerezi kuti, "A Esinala, muli ndi njala? Mukufuna kudya?"

Tsono inu mukudziwa mmene tinakulira. Mayi anga ankati munthu wofunsa mlendo ngati adye ndiye kuti sakufuna kumupatsa, ndipo iwe mlendo ukafunsidwa yankho ndi limodzi, wakhuta. Mwini nyumba wanzeru amamva yekha, amabwera ndi madzi osamba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye ndinapinda manja bwinobwino n'kumwetulira. "Iyayi, zikomo, ndakhuta." M'mimba munali kabanzi ka m'ndege kokha.

"Chabwino," anatero mayi Birigita.

Chabwino? Ndinadikira kuti afunsenso kachiwiri, ine ndikane pang'ono, kachitatu ndigonje mwaulemu. Ayi ndithu. Anangotsegula filiji n'kundionetsa soseji, mazira, tchizi, zipatso, n'kunena kuti, "Mukamva njala muzitenga nokha chilichonse." Ine kukatsegula filiji ya mzimayi mnzanga? Kwathu wovundukula mphika wa eni ndi galu. Ndinathokoza, n'kukalowa m'chipinda, n'kupepesa kwa mayi anga chamumtima ndikumasula jumbo ija.

Loweruka m'mawa zinayambiranso. "Dzira?" Iyayi. "Buledi?" Iyayi, musavutike. "Tiyi?" Apa ndinagwedeza mutu mosadziwika bwino, ndipo tiyi anabweradi, wopanda mkaka, wopanda shuga, chifukwa nazonso anandifunsa chimodzichimodzi ndipo ndinazikana ndekha ndi pakamwa pangapa. Masana anaotcha nkhuku, fungo lake nyumba yonse, n'kundifunsa, ine n'kukana. Mufunsa kuti bwanji sindinangovomera. Nanga dzulo wati wakhuta, m'mawa wakana dzira, masana udumphire nkhuku, akuona ngati munthu wanji? Ndinali nditamira kale, ndipo ndinkaona ngati ulemu wa Rivirivi yense ndausenza ndekha pamutu.

Ndinayamba kupita kuchipinda pafupipafupi, ati kukapumula. Koma nyumba za kumeneko zimakhala zii, wotchi ya pakhoma imamveka mpaka kubafa, ndipo mtedza wokazinga ndi wamphekesera. Ndinkauvumata kaye kuti ufewe, n'kumatafuna pang'onopang'ono ngati nkhalamba yopanda mano. Makoko ndinkawabisa mu sokosi.

Dzuwa litapendeka mayi Birigita anagogoda pachitseko. Ndinameza mofulumira mpaka misozi m'maso. Anaona misoziyo, anaona kolona yanga pakhosi, nkhope yawo n'kufewa.

"Ndamvetsa tsopano," anatero. "Tili mu Lenti. Mukusala kudya, si choncho?"

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaulula. Koma mukanaona ulemu umene unali m'maso mwawo. Palibe anandiyang'anapo choncho chibadwire, ngakhale bambo a ana anga tsiku la ukwati. Ndinangoweramitsa mutu ngati sisitere.

"Ife kuno tinaiwala chikhulupiriro chotere," anatero. "Nane ndisala nanu limodzi." Ndipo anakatenga nkhuku ija n'kuibwezera mu filiji.

Kuseka kunathera pamenepo. Mayi wamkulu, womwa mankhwala m'mawa ndi madzulo, kukhalira madzi chifukwa cha ine, pamene ine ndikupukuta mtedza kuseri kwa chitseko. Mtima unandipweteka, ndipo ndinachita manyazi enieni. Koma kuulula ndiye kunali kukukulirakulira, ndinati ndinena mawa.

Mawa lakelo linali Lamulungu, ndipo itatha Misa anatikonzera phwando lotilandira mu holo ya sukulu. Podziwa kuti tsiku litalika, ndinatapa mtedza manja awiri n'kumanga mfundo pakona ya chitenje, monga timachitira popita ku msika, n'kuchivala pamwamba pa diresi. Mu holo matebulo anali tho ndi zakudya. Pamalo pa aliyense panali mbale. Pamalo panga ndi pa mayi Birigita panali matambula a madzi ndi kaduwa, chifukwa anali atauza kale tauni yonse. Azimayi ankabwera kudzandigwira dzanja ndi manja awiri.

A Sumani anafika nkhope ili phuliphuli, tsaya litadzaza. Anandinong'oneza kuti, "Madamu, ife Asilamu timasala mwezi wathunthu, koma dzuwa likalowa timadya. Inuyo mwatipitirira. Koma ndikukumbuka kuti Lenti yathayi munamaliza mbuzi ya pa PTA."

"Ahedi, chonde, musandiwonjezere mtanda," ndinatero.

Kenako eni phwando anandipempha kuti ndiwaonetse mmene kwaya ya kwathu imavinira popereka mphatso. Pamenepo ndiye pa ine. Njala kapena ayi, sindingalole kuti Balaka anyozeke pa kuvina. Ndinayambitsa nyimbo, a Sumani n'kumaomba m'manja, ndinatsika pang'ono, ndinatembenuka kumanja, ndinatembenuka kumanzere, holo yonse inaimirira. Potembenuka kachitatu mfundo ija inamasuka.

Pansi pa holoyo ndi pa matabwa, anzanga. Mtedza sunangogwa, unalira. Unamwazika mbali zonse, wina pansi pa matebulo, wina n'kugubuduka mpaka kukaima pa nsapato ya bambo mfumu. Nyimbo inafera m'kamwa. Mayi Birigita anawerama n'kutola kamodzi, n'kukayang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti dzanja lawo likunjenjemera ndi njala.

Dzanja limenelo ndi lomwe linandiwongola msana. Ndinatenga chimkuzamawu n'kunena zonse. Ndinati sindikusala, ndakhala ndikudya mtedza wa mayi anga kuyambira Lachisanu, ndipo ndikupepesa kwa mayi Birigita. Koma nditayamba kufotokoza chifukwa chake ndinamva mawu anga akukwera okha. Ndinati, "Kwathu mlendo sitimufunsa. Kaya m'nyumba muli nkhuku imodzi yokha, timaipha osamuuza. Timangoika chakudya pamaso pake, ndipo chimene chaikidwa amadya chonse, sakana, chifukwa kukana n'kunyoza mwini nyumba. Umu ndi mmene anandilerera mayi anga ku Nsanama, ndipo sindichita nazo manyazi."

Anthu anawomba m'manja mpaka mawindo kunjenjemera. Mayi Birigita anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kundikumbatira. "Ndiye tazunzana masiku awiri ndi ulemu wokhawokha," anatero. Ndinawapempha kuti adye kaye iwo, ndipo anadyadi ndikuona. Ndinakhala pansi mtima uli m'malo, ndikudziona ngati kazembe wa dziko.

Atamaliza anadzuka, anapita ku tebulo, anabwerera ndi mbale, n'kuiika pamaso panga osandifunsa, monga ndinawaphunzitsira. Anthu onse anatembenuka kuti aone mwambo wa ku Malawi ukugwira ntchito. M'mbalemo munali mabanzi awiri odula pakati, ndipo pamwamba pake anapaka nyama ya nkhumba yogaya, yofiira, yosaona moto chiyambire, ndi tianyezi pamwamba. Kumeneko ati ndi chakudya chapamwamba cha pa phwando.

Ndinayang'ana a Sumani. "Ine chipembedzo chandipulumutsa, Madamu," anatero akubwerera m'mbuyo. "Inuyo mwanena nokha pa chimkuzamawu."

Ndinadya. Ndinachita chizindikiro cha mtanda, ndinatseka mphuno chamkati, ndinadya zonse mpaka kanyezi komaliza, ndikumwetulira. Mayi Birigita ataona mbale yayera anasangalala kwambiri, anadzukanso, osafunsa, n'kubwera ndi ina.

Nditabwerera ndinapita ku Nsanama kukawafotokozera mayi anga. Anamvetsera zonse, za Lenti, za sokosi, za nkhumba yaiwisi, nkhope osasintha. Pomaliza anangofunsa chinthu chimodzi: "Filiji ya eni ija unatsegula?"

"Iyayi, amayi."

"Ndiye unayenda bwino, mwanangu."

Ndinanyadira, sindinama, ndipo mpaka lero m'nyumba mwanga mlendo sindimufunsa. Koma ndikadzatulukanso dziko lino, munthu akangoyamba kuti "Kodi mukufuna," ine ndidzakhala nditayankha kale kuti inde, n'kuwonjezera kuti chikhale chopsa.