A Msiska ndi Moni wa Nguluwe

Ku Chilomoni kuno sikudzakhalanso munthu wopereka moni ngati a Orton Msiska. Anthu onse amati "Mwadzuka bwanji?", koma iwo ankaima pakhomo pako m'mawa, n'kukwinya mphuno, n'kulira ngati nguluwe: "Nghrrr!" Ndipo sankasuntha mpaka nawenso utayankha chimodzimodzi.

Analondera nkhalango ya ku Michiru zaka makumi awiri, n'kutsikako ndi mwendo wotsimphina komanso mutu wodzaza nguluwe. Ankati nyamazi zikamafukula mizu m'tchire lowirira sizionana, choncho iliyonse imang'ung'udza kuti zinzake zidziwe kuti ikadalipo. Ina ikangokhala chete, gulu lonse limaima n'kuibwerera. Kaya zinali zoona kaya zopeka, ife kuphiriko tinkangopitira nkhuni.

Ukawauza vuto lako, wadziputira wekha. Nditadandaula kuti mwana wanga Cindy walakwa mayeso a Fomu 4, anandiuza kuti mwana wa nguluwe amabadwa ndi mizeremizere koma imafufutika yokha. Mayi wina atalira kuti amuna ake sakhazikika pakhomo, anamuuza kuti nguluwe yamphongo imalera ana ake, ndiye bamboyo akaphunzire kuphiri. Bamboyo atamva anabwera atapinda malaya kuti achite ndewu. A Msiska anamukhazika pampando, ndipo patatha maola awiri anachoka akudziwa kumene nguluwe zimagona, koma ataiwala chimene anadzera.

Amene ankazunzika koposa ndi a Fadili, okhoma ndowa pafupi ndi nyumba yanga, Msilamu wosaphonya swala.

"Achimwene, nyama imeneyo musamaitchule pa shopu panga pano."

"Sindikuti muidye ayi. Ndikuti muyankhe."

Mapeto ake anapangana kuti a Fadili aziyankha pomenya ndowa kawiri ndi hamala.

Chaka chatha ine mutu sunali m'malo. BP inali itakwera, Cindy anali atapita ku Joni osatsanzika, tulo sindinkatiwona. Tsiku lina a Msiska analira pakhomo ndili ndi amayi a kumpingo odzandipempherera. Ndinachita manyazi, ndipo ndinatuluka n'kuwakalipira pamaso pa anthu kuti ndi munthu wamkulu, kuno tili ndi mavuto enieni, osati za nkhumba zawozo.

Anavula chipewa. "Pepani, mayi a Cindy. Komabe mwayankha. Ndamva kuti mulipo."

Kuyambira pamenepo ndinkangokhala phee kuseri kwa katani. Iwo ankalira kamodzi, kawiri, kenako ndinkamva mwendo uja ukukhwekhwereza kupita khomo lina.

Lolemba lina mu Juni sanabwere. Sindinganame kuti sindinazindikire. Ndinazindikira bwino lomwe, ndipo ndinasangalala. Lachiwiri ndinamwa tiyi wanga mwamtendere, mpaka ndinauza mnzanga pa mpopi kuti nguluwe yabwerera kuphiri, tonse n'kuseka. Nyumba yawo inali yachinayi kuchokera pa yanga. Ndinkadziwa kuti amakhala okha chimwalirireni akazi awo, ana onse ali ku Rumphi.

A Fadili anali kumaliro ku Chiradzulu masiku awiriwo. Lachitatu anatsekula shopu, n'kudikira hamala ili m'manja. Seveni itakwana osamva kanthu, sanafunse munthu. Anapita kwa a Msiska n'kukathyola chitseko ndi hamala yomweyo. Anawapeza pansi pa simenti, sitiroko itawagwetsa Lamulungu madzulo. Kulankhula sankatha, koma a Fadili akuti anali akung'ung'udzabe chapansipansi, muja ankachitira pakhomo pathu.

A Msiska anamwalira Lachisanu kuchipatala, ndipo mtembo anapita nawo kwawo ku Rumphi. Pamaliro kuno, mtembo usananyamuke, anthu ankasimba za nguluwe n'kumaseka. Ine ndinangozyolika, chifukwa munthu yemwe ankandifunsa m'mawa uliwonse ngati ndikadali moyo anagona pansi masiku atatu ine ndikuyamikira bata.

Masiku ano m'mawa kuno kumangomveka ma minibasi ndi mawailesi. Munthu amadutsa pakhomo pako maso ali pa foni. A Fadili okha ndi amene sanasiye: seveni ikakwana amamenya ndowa kawiri, ngakhale palibe wowafunsa.

Dzulo atamenya, ndinatsekula windo, n'kukwinya mphuno, ine mayi wa kumpingo wazaka makumi asanu, n'kulira ngati nguluwe. Amayi a pa mpopi anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Fadili sanaseke. Anangonyamula hamala n'kumenyanso kawiri.