Kompyuta ya ku Mandimba inandiulula

Nkhani iyi ana anga saidziwa, chonde musawauze.

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndinapeza ntchito ku Mandimba pa kabungwe kena komanga masukulu. Anandilemba chifukwa ndinati kompyuta ndimaidziwa. Sikunali kunama kwenikweni: ku kampu ya othawa nkhondo ndinkagwirako ina yakuda bii, yongolembapo mawu. Imeneyo ukamaliza umangoithimitsa pakhoma, osatsanzika.

Ya ku Mandimba inali ya mtundu wina, yazithunzi, ndipo sindinkaikhulupirira. Sindinkawakhulupiriranso bambo Saide, woyendetsa galimoto, popeza ndinamva kuti ntchito yangayo ankaifunira mphwawo.

Tsiku lina masana abwana athu, mayi Amelia, anaitanidwa mwadzidzidzi ku Cuamba. Anasiya pakompyuta mapulani a sukulu ya ku Itepela, osawasunga. Mafuta a jenereta ali pafupi kutha, bambo Saide anasuzumira pakhomo.

“Bambo, ithimitseni bwino. Dinani pamene palembedwa Iniciar.”

Chipwitikizi changa chinali chopunduka, koma ndinkadziwa kuti mawuwo amatanthauza kuyamba. Kuthimitsa chinthu pochiyambitsa? Ndinati mumtima, msampha uwu.

Ndinadinabe, maso ali pa iwo. Kompyuta inafunsa ngati ndikufuna kusunga ntchito imene inali yotsegula. Ndinakana (kusunga za abwana ine, kuti mawa azinena kuti ndinaba?). Inafunsanso ngati ndatsimikiza. Apa ndinaona kuti awiriwa apangana. Ndinagwada pansi pa tebulo n’kuzula chingwe. Zii.

M’mawa mayi Amelia atayatsa, chinthucho chinayamba kudandaula pamaso pa tonse kuti dzulo chinathimitsidwa mwankhanza. Mapulani kunalibe.

“Ndani anathimitsa?”

“Mwina jenereta, mayi,” ndinatero.

“Jenereta ndinathimitsa ine bambowa ataweruka,” anatero bambo Saide motsitsa mawu, “koma musawachotse ntchito, mayi. Ya ku kampu inawazoloweza choncho.”

Galimoto inali ku garaja, ndiye ine ndi bambo Saide tinapita ku Itepela panjinga kukayezanso malo a sukulu. Pachikweza china bambo Saide anatsika, akupuma wefuwefu.

“Kodi akazi anu akamaphika, mumangofika n’kuthira madzi pamoto?”

Nanenso ndinatsika n’kuyamba kukankha njinga. Mpweya ndinalibe.

Masiku ano ndimatseka chilichonse pachokha, n’kudikira manja ali kumbuyo mpaka kompyuta itathima yokha. Koma ikandifunsa kachiwiri ngati ndatsimikiza, ndimayamba ndacheuka kuona amene waima pakhomo.