Tsiku Limene Ndinadyetsera Alendo pa Thabwa la Bawo

Alamu anga a Felesita mpaka lero akamaseka amaphimba pakamwa ndi dzanja, ndipo wolakwa ndi ineyo. Nkhaniyi ndaibisa mokwanira, lekani ndingoiulula.

Zinayambira pa foni. Ndinaona chithunzi cha thabwa lalikulu atayalapo tizakudya tosiyanasiyana, apa tizipatso, apo timabisiketi, anthu atalizungulira akuonera filimu. Mtima unangoti nanenso. Apo n'kuti titangolowa kumene m'banja, tikukhala nyumba ya lendi pa Nkando, ndipo ndinkafunitsitsa kuti akuchimuna adziwe zoti mwana wawo sanakwatire mbuli. Ndiye ndinaitana alamu angawo ndi mnzanga Edina kuti Loweruka madzulo tidzaonere filimu ya ku Nijeriya, zija amaziikira mawu a Chichewa zija.

Tsikulo ndinalawirira kumsika. Ndinagula chinanazi, mapeyala, mtedza, nzama ndi chimanga cha mbuliuli. Pofika masana zonse zinali zitapsa, ndinakazinganso tizitumbuwa ting'onoting'ono ngati mabatani. Chinatsala ndi chimodzi: thabwa. Lodulira anyezi linali laling'ono, komanso linkanunkha usipa. Ndinafika poganiza zozula chitseko cha kabati (musaseke, sikuludiraiva ndinali nditaigwira kale), mpaka maso anga anagwera kuseri kwa chitseko cha kuchipinda.

Kumeneko kunali thabwa la bawo la apongozi anga aamuna. Iwo amakhala kumudzi, koma bawo amasewerera pa Nkando ndi anzawo, ndiye thabwalo ankalisungitsa kwathu poti ndi lolemera. Nditaliyang'ana ndinadziona kuti ndine wanzeru kuposa akazi onse a m'boma la Mulanje. Maenje makumi atatu ndi awiri! Chakudya chilichonse ndi nyumba yake!

Nkhomo zake, timbewu tolimba tija amasewerera bawo, ndinazikhuthulira m'kambale n'kuika pambali. Thabwalo linali lakuda bii, ine n'kumati ndi litsiro. Ndinalikwecha ndi mchenga ndi sopo mpaka linayera ngati latuluka kumene kwa kalipentala.

Amuna anga atalowa n'kupeza ndikuyala mtedza m'maenje, anaima pakhomo.

"Iwe, limenelo si thabwa la abambo?"

"Ndangobwereka. Mawa likhala lili pamalo pake."

"Akamva, ine sindinaone." Anatero akutola chitumbuwa.

Dzuwa litangolowa alendo anafika. Edina anajambula zithunzi zitatu asanakhale n'komwe. Alamu anazungulira tebulo, manja ali kumbuyo, n'kunena kuti, "Alamu, koma ndiye mwapita patali." (Mpaka pano sindidziwa ngati kunali kuyamikira.) Pofuna kuti zikome, ndinazimitsa getsi, kuwala kunangotsala kwa pa kanema. Chimene ndinaiwala n'chakuti kambale ka nkhomo kaja ndinakasiya patebulo pomwepo, moyandikana ndi ka nzama zotsala.

Filimu inafika pokoma, mkazi wamkulu wagwira mkazi wamng'ono akuthira mankhwala m'ndiwo. Tonse maso ali pa kanema, manja akungoyenda okha. Kenako tinamva kuti gwa! Ine ndinayesa ndi m'filimu momwemo.

"Mayo ine! Dzino langa!"

Nditayatsa getsi ndinapeza alamu atatambasula dzanja. M'dzanjamo munali nkhomo imodzi yonyowa, yosaphwanyika ngakhale pang'ono, ndi kachidutswa koyera ka dzino lakutsogolo.

"Nzama zanji zimenezi, alamu? Munakazinga miyala?"

Nthawi yomweyo panja panamveka "Odi kuno!" Mawuwo ndinawadziwa. Anali apongozi. Mawa lake akaweruka kutchalitchi anali ndi mpikisano ndi mnzawo wina amene amalimbana naye chaka ndi chaka, ndiye anati adzagone kwathu. Ndinaganiza zovundikira thabwalo ndi chitenje, koma amuna anga, amene sanaone kanthu aja, anali atatsegula kale chitseko.

Ndinagwada pakona. Apongozi anayang'ana mwana wawo akulira, anayang'ana ine, kenako maso anakhazikika patebulo. Madzi a chinanazi anali atadzaza maenje anayi, peyala litapakika m'mphepete monse. Anakhala pampando pang'onopang'ono, n'kusisita thabwalo ndi chala pamene ndinakwecha paja. Mkazi wa m'filimu uja ankakuwabe.

"Apongozi," anandiitana motsitsa mawu, "kuda kuja kwapita kuti?"

"Ndinatsuka, bambo. Ndimayesa ndi litsiro."

"Amene aja anali manja a bambo anga, ndi a achimwene anga, ndi anga. Thabwa ili ndinalisenza pamutu kuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, nthawi ya nkhondo. Mbuzi tinasiya, ili sindinasiye."

Apa ndiye misozi inandilengeza. Ndinapepesa, ndikuona kuti banja langa lathera pa mbuliuli. Iwo anatapa mtedza m'dzenje limodzi, n'kuyamba kuugwetsa umodziumodzi m'maenje otsatira ngati akusewera. Wotsiriza anauponya m'kamwa.

"Pabawo timati tadyana," anatero akutafuna, "koma kudya kwenikweni pa thabwa ili ndakuona lero. Mchere wachepa."

Edina ndiye anayamba kuphulika ndi kuseka, amuna anga n'kutsatira. Alamu okha sanaseke. Filimu ija sitinaimalize, ndipo Lolemba ndinawaperekeza kuchipatala cha mano, ulendo wonse wa pa minibasi osandiyankhula. Tinayanjana patapita mwezi, nditawapititsira nkhuku.

Thabwa la bawo linasamuka kwathu tsiku la mpikisano lomwelo, pano amasungitsa kwa telala wina. Patatha milungu iwiri apongozi anabwera atanyamula thabwa lina lam'bawa, lopalidwa bwino, losalala ngati galasi.

"Ili ndi lanu," anatero. "Mudzikwecha mmene mungafunire."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo ndinaphunzira kuti chinthu cha mwini umayamba wafunsa. Koma poti pano tili tokha, ndinene chilungamo: pa thabwa latsopanoli mtedza umangogubuduzika n'kugwera pansi, ndipo nthawi iliyonse ndikamautola pansi pa mipando, mtima umandiuza kuti nzeru ija inali yabwino ndithu, chinalakwika ndi kuzimitsa getsi.