Kanyali Kofiira Paulendo wa Mkwatibwi

Mukandiona pasiteji ku Matero ndikulimbirana mpando wa minibasi ndi ana asukulu, chonde musandifunse kuti galimoto yanga ili kuti. Ili pamiyala kuseri kwa msika, boneti ili yasa, ndipo nkhuku za eni ake zayamba kale kuikira mazira pansi pake. Ndikuuzani nkhani yonse, ngakhale mbali ija imene ndimailumpha ndikamafotokozera anzanga.

Galimotoyo ndi imene inkatidyetsa. Ndinkanyamulira anthu ngati takisi, ndipo ine, akazi anga ndi ana athu atatu tonse tinali pamatayala anayi amenewo. Kwa zaka zinayi wosintha oyilo anali mmodzi yekha: Ba Mwansa, makaniko wa kuseri kwa msika, M'bemba wa pakamwa pakuthwa. Ine kwathu ndi ku Chipata, ndiye za chimbuya, kunyozana kwanthabwala kwa Abemba ndi ife a kum'mawa, mukuzidziwa. Akangondiona ankakuwa, "Wabwela wakudya mbeba!" Ine n'kubweza, "Nanga kolwe mwamusiya kuti lelo?" Paja iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani, amene kwawo amawatcha kolwe. Tinkanyozana choncho tsiku lililonse, koma galimoto yanga sanaiwonongepo ngakhale kamodzi.

Vuto linabwera ndi ukwati. Tasila, mwana wa achemwali a akazi anga, ankakwatiwa, ndipo banja linasankha ine kuti ndinyamule mkwatibwi kuchoka kwawo ku Chawama mpaka kutchalitchi ku Matero. Basi, mutu unakula. Ndinati galimoto ya mkwatibwi singagwiridwe ndi munthu wogona pakatoni pansi pa mtengo. Lachisanu ndinaitengera kukampani ina yogulitsa magalimoto atsopano kutauni, ija ya magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, kuti akasinthe oyilo.

Abale, kumeneko amalandira alendo! Mtsikana wa pakhomo ananditcha bwana, n'kundipatsa tiyi m'kapu yokhala ndi kambale kake. Pawindo ndinkaona anyamata a maovolosi oyera mbee akuzungulira galimoto yanga. (Makaniko wa ovolosi yoyera anayenera kundikayikitsa, koma ine ndinali kalikiliki kuviika bisiketi.) Pobwerera ndinadzera dala kwa Ba Mwansa, chigongono chili pawindo.

"Imani nione pansi," anatero. "Ni mahala, simuzalipila."

"Iyai, Ba Mwansa. Iyi yachoka ku makompyuta. Simungaikwanise."

Anangoseka n'kupitiriza kutsuka masipanala ake.

Loweruka m'mawa tinakwera. Kumbuyo kunali Tasila ndi Ba Matroni, mayi wamkulu woyang'anira mkwatibwi, amene mawu awo amamveka kutsidya kwa msewu ngakhale akunong'ona. Pambali panga panakhala wojambula vidiyo ndi kamera yake. Pambuyo pathu panali mdipiti wa magalimoto, ndipo yoyamba kunditsatira inali kaminibasi kakale ka Ba Mwansa kodzaza ndi akwaya, pakuti mkwati anali mphwake wa Ba Mwansayo. Abusa anali atachenjeza kuti ikakwana teni koloko mkwatibwi asanafike, iwo anyamuka kupita kumaliro. Tinachoka mochedwa chifukwa cha tsitsi.

Misewu ya mkati mwa Chawama mukuidziwa. Tinagwera m'dzenje, kutuluka, kugwera m'linzake. Tisanafike patali, Ba Mwansa anayamba kuliza hutala.

Tsono mundimvetse. Pamdipiti wa ukwati mu Lusaka aliyense amaliza hutala. Mahazadi amaphethira, amayi amatulutsa mitu pamawindo ndi nthungululu, ndipo woyendetsa amene ali chete amaoneka ngati ali ndi kaduka. Choncho Ba Mwansa atati piii, ine ndinabweza piii-piii. Anawalitsa nyali zakutsogolo, ine ndinagwedeza dzanja. Anatulutsa mkono pawindo n'kumaloza pansi mobwerezabwereza, ine ndinati mumtima, taonani mdala uyu, kuvina kwafika mpaka pachiwongolero.

Titalowa mu Kafue Road anandithamangira mpaka kufika pambali panga. Pakamwa pake pankatseguka kwambiri, koma nyimbo m'galimoto yanga zinali pamwamba. Analozanso pansi pa galimoto. Ndinaganiza kuti ndi zake zija, akuti ndabisa mbewa kunsi. Ndinatsitsa galasi, n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse, "Kolwe!" kenaka n'kukwezanso.

"Muuzeni abwelele kumbuyo uyo," anatero Ba Matroni. "Kulibe motoka imapitilila mkwatibwi."

Foni yanga inayamba kulira. Inali yolumikizidwa kuwailesi ya galimoto, ndiye ikalira nyimbo inkaduka. Dzina la Ba Mwansa linaoneka. Ba Matroni anatambasula dzanja kuchokera kumbuyo n'kuidula. Inaliranso, anaidulanso. Kachitatu anaitenga n'kuiika m'chikwama mwawo.

Tikuyandikira kutauni, kanayaka. Kanyali kofiira ka pa dashibodi, kaja kooneka ngati kaketulo kodontha. Aliyense amene anagwirapo chiwongolero amadziwa zimene kanyali kameneka kamanena: oyilo watha mphamvu, ima pompano, zimitsa injini. Ndinacheukira kumbuyo.

"Ba Matroni, nifuna kuimako pang'ono."

"Kuima? Pamsewu? Na mkwatibwi? Mufuna bantu bakambe ati chikwati cha Tasila chinaima panjila? Abusa bazayenda kumalilo, imwe. Yendesani!"

Pagalasi ndinaona maso a Tasila kuseri kwa velo. "Ankolo, chavuta ni chani?"

"Kulibe, mwana wanga. Kulibe olo pang'ono."

Apa ndi pamene ndimalumpha ndikamafotokoza. Ndinayamba kukambirana ndi mtima wanga. Oyilo ndi wadzulo. Anathira ndi anthu a makompyuta, anthu opatsa tiyi. Ndiye kuti cholakwika ndi kanyali, si injini. Komanso ndikaima, woyamba kufika ndi Ba Mwansa, ndipo adzagona pansi pa galimoto yanga pamaso pa akwaya onse, ine nditamuuza dzulo lomweli kuti sangaikwanitse. Zimenezo ndinaziopa kuposa kanyali. Ndinatenga khadi yoitanira anthu kuukwati imene inali pafupi, n'kuiimika bwinobwino patsogolo pa kanyaliko. Kufiira kunasowa. Ndinapuma ngati ndakonza galimoto.

Mu Lumumba Road munali magalimoto akuluakulu a katundu, ndipo tinkayenda pang'onopang'ono. Kenaka ndinamva kaphokoso kutsogolo, tiki-tiki-tiki. Ndinakweza nyimbo. Kaphokoso kaja kanakula, kho-kho-kho, ngati munthu akugogoda chitseko cha malata. Ndinakwezanso, n'kuyamba kuimba nawo mokuwa, thukuta likutsikira m'kolala ya suti. Kumbuyo hutala wa Ba Mwansa sankadukanso, ankangolira mosalekeza, ndipo magalimoto ena onse anamutsanzira poganiza kuti chisangalalo chafika pachimake.

"Mukumvako kanunkhidwe?" anafunsa wojambula uja.

"Ni matilaki," ndinayankha.

Ndinapemphera, abale. Ndinati Ambuye, mundifikitse ku Matero kokha, Lamlungu ndidzakhala pabenchi yakutsogolo. Ndinaponda mafuta, galimoto sinayankhe. Ndinapondanso. Inanjenjemera yonse, kenaka gwa! Injini inazima. Tinaseseleka pang'ono n'kuima m'mbali mwa msewu, utsi ukutuluka m'mphepete mwa boneti, pakati pa maliboni. Mahutala aja anazima limodzilimodzi mpaka kunati zii.

Ba Mwansa anafika akuthamanga. Ndi suti yake yomweyo anagona pafumbi n'kulowa pansi, popanda ngakhale katoni. Anatuluka chala chili bii.

"Bawuti yotsekela oyilo kulibe," anatero akupuma mofulumira. "Banamanga na manja chabe, sibanalimbise. Yenze kudontha kuchokela ku Chawama, manje yagwa. Nakhala nikulizila hutala njila yonse, iwe!"

"Nenze kuona monga ni chikwati."

Ndinacheuka. Pamsewu panali mzere wakuda, wautali, wochokera pansi pa galimoto yanga mpaka kumene maso analekeza. Ndinadikira kuti anditukwane, anene za mbewa, anene za makompyuta. Anangondiyang'ana n'kupukuta chala pamsoko wa thalauza. Pamenepo ndinadziwa kuti zinthu zaipadi.

Ba Matroni sanataye nthawi. Anatsitsa akwaya awiri, n'kukweza mkwatibwi kutsogolo kwa kaminibasi kaja. Maliboni anamasulidwa pagalimoto yanga, akadali ofunda, n'kumangidwa pa ya Ba Mwansa. Foni yanga anandiponyera pawindo akunyamuka. Ndinamva kuti anapeza abusa atagwira kale makiyi, koma ukwati unamangidwa. Ine ndinatsala ndekha pamsewu, duwa lili pachifuwa, ndikuyankha mafunso a ogulitsa nthochi.

Lolemba ndinapita kukampani kuja nditakwiya, ndipo mkwiyo wake unali woona. Bwana wa kumalo okonzera anandimvetsera mwaulemu. Anaitanitsa mapepala, anafunsa anyamata ake, kenaka anavomera kuti amene anathira oyilo anaitanidwa kuntchito ina asanalimbitse bawutiyo. Mtima wanga unayamba kubwerera m'malo.

"Ngati munaima pamene nyali inayaka, injini tizaikamo ina," anatero. "Munaima?"

"Pamene apo, bwana. Sininayende olo sitepi imozi."

Mtsikana wa tiyi uja anatsokomola. Anayandikira bwanayo, n'kumunong'oneza, n'kumupatsa foni yake. Kani wojambula uja anali atadula kachidutswa ka vidiyo n'kukatumiza pamafoni Lamlungu, ndipo theka la Lusaka linali litaseka kale ine ndisakudziwa. Zonse zinali mmenemo. Kanyali kofiira. Dzanja langa, ndi wotchi yanga, likuimika khadi mosamala. Mawu anga akuti kulibe olo pang'ono. Kenaka ine ndikuimba, injini ikugogoda, pawindo pakudutsa Lumumba Road yonse. (Mnyamatayo amadziwa ntchito yake, chithunzi sichinagwedezeke n'komwe.)

Bwanayo anaonera mpaka kumapeto, n'kubwerezanso. Kenaka anaika foni pathebulo.

"Bawuti ni mulandu wathu," anatero. "Khadi ni yanu."

Anandipatsa bawuti yatsopano m'kapepala ka pulasitiki ndi chigubu cha oyilo, zaulere. Tiyi sanandipatse.

Ndinakwera minibasi ya ku Matero chigubu chili pamiyendo. Ba Mwansa anali atakoka kale galimoto ndi chingwe n'kutsegula injini. Anandionetsa zitsulo zam'kati zitapsa n'kugwirana, zina zitasanduka zabuluu. Anati imeneyo siukanso, pakufunika ina, ndipo ayamba kufunsafunsa kwa ophwasula magalimoto. Ndinamupatsa chigubu chija kuti asunge. Anachilandira n'kuchiika pansi pa mtengo.

Kunyumba ndinapeza akazi anga atayala tomato ndi anyezi pathebulo panja pa geti, chinthu chimene anasiya tsiku limene ndinagula galimoto. Vidiyo anali ataiona, achemwali awo ndi amene anawatumizira. Sanakalipe. Anapitiriza kuunjika tomato m'timilu, kenaka anafunsa osandiyang'ana.

"Atate a ana, ndi khadi ija munkabisa ndani? Injini sinali kuona. Ine m'galimotomo munalibe. Munkabisa ndani?"

Miyezi itatu yapita, yankho sindinalipeze. Anthu akandifunsa ndimati kampani inandiphera galimoto, ndipo si bodza. Koma m'mawa uliwonse ndikamadutsa pathebulo paja kupita kukafuna ganyu yoyendetsa galimoto za anthu ena, ndimadziwa kuti a kampani aja anangoiwala bawuti imodzi. Zotsalazo ndinamaliza ndekha, ndikuimba.