A Verlin Stuckey ndi Chivundikiro cha Difu

A Verlin Stuckey sankayang'ana galimoto kumaso. Ukagula pikapu yatsopano n'kuiimika palesitilanti ya a Bonnie kuti anthu akusirire, iwo ankatuluka osakupatsa ndi moni womwe, n'kuzungulira kumbuyo, n'kugwada. Kenako unkangoona nsapato zokha zitatulukira kunsi. Chimene ankafuna kumeneko ndi difu, chimphika chachitsulo chija chokhala pakati pa matayala akumbuyo, momwe mumazungulira magiya m'oyilo. Ankachigwira ndi chikhatho ngati mayi amene akumva kutentha kwa mwana, kenako n'kununkhiza chala.

"Koma injini yake ndi chilombo, Verlin," unkatero.

"Injini ndi phokoso chabe, mphwanga. Ntchito ili kuno."

Ngakhale Abusa Lindqvist sanapulumuke. Tsiku lina akupatsana moni ndi amayi a kwaya, mawu anamveka kuchokera pansi pa galimoto yawo: "Abusa, mukuchucha kumbuyo!" Maondo a Verlin atayamba kuvuta, tonse tinazolowera kuimika magalimoto chobwerera, kumbuyo kuloze pawindo pomwe ankamwera khofi, kuti azititukwana atakhala pansi.

Kwathu kuno ku Indiana, chimanga chikamakhwima pamakhala chionetsero cha zaulimi, ndipo chimene timapitirako si ng'ombe ayi. Ndi mpikisano wokoka chingolo. Pikapu imamangidwa tcheni ku chingolo chomwe chimanka chilemera ukamachikoka, mpaka galimoto itagonja kapena china chitathyoka. Pikapu ya a Verlin inali ndi dzina, Matilda, ndipo chaka china difu yake inaphulika pamaso pa anthu onse, zidutswa za magiya zili mbwee m'dothi. Dokotala anawaletsa kuyendetsanso, choncho chiwongolero chinapita kwa mwana wawo wamkazi, Charlene. Apo ndi pomwe akazi awo, Mayi Opal, anaika lamulo.

"Verlin, imva bwino. Chinthu chimenecho chikaswekanso muli mwana wanga, Matilda achoka pakhomo pano tsiku lomwelo."

Mayi Opal anali aafupi, olankhula motsitsa, ndipo sankanena chinthu kawiri.

Magiya atsopano anaikidwa msanga. Chomwe chinatsala ndi chivundikiro cha difu basi, ndipo apa ndi pomwe tinaona zakuda. Munthu amene ankadziwa chivundikiro choyenera galimoto ya wina aliyense analephera kusankha chake. Anaitanitsa chaaluminiyamu chokhala ndi mizere yoziziritsa oyilo, chachitsulo chochindikala cholemera ngati mwana wa ng'ombe, ndi china chonyezimira chomwe ankati n'cha anyamata ofuna akazi koma osachibweza. Zonse anaziyala patebulo lodyera, banja n'kumadyera pamiyendo.

"Dewey, tanyamula ichi," ankandiuza ine. "Chaaluminiyamu chimalowa oyilo wambiri, sichitentha. Koma mwala ukachimenya?"

"Tenga chachitsulo ndiye."

"Chachitsulo chimasunga moto, chitsiru iwe!"

"Tenga chaaluminiyamu."

"Iwe sukumva? Mwala!"

Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo nthawi imeneyo ndinapirira zambiri. A Verlin anafika powotcha zivundikirozo mu uvuni wa Mayi Opal kuti aone chozizira msanga, moti chitumbuwa cha maapozi chomwe anapita nacho kutchalitchi chinkanunkha galaja. Masiku ankatha, Matilda ali pajeki kumbuyo kuli yasa, Charlene akuzungulira bwalo manja ali m'chiuno.

"Adadi, mpikisano ndi mawa. Musankhe, apo ayi ndimatapo mbale ya galu."

Madzulo a Lachisanu limenelo a Verlin anatseka maso n'kuloza chaaluminiyamu. Anapaka guluu, n'kumanga mabawuti modumphitsa monga mwa mwambo wake. Guluu ameneyu amafuna aume kaye asanakhudzane ndi oyilo, aliyense amadziwa zimenezo. "Oyilo tithira mawa," anatero, n'kuika zigubu zake kuseri kwa mpando wa pikapu yanga, chifukwa ine ndi amene ndinkakoka thirela yonyamulira Matilda.

Kutacha anadzuka ndi chikaiko. Anakwera m'galimoto atakumbatira chivundikiro chachitsulo chija, ndipo njira yonse anali kundifunsa ngati nthawi yosintha inalipo. Kubwalo anapitiriza kufunsa aliyense, mpaka mayi wogulitsa chimanga chowotcha. Charlene anatopa nawo, anavala chisoti chake n'kukaima pamzere.

Dzina lake litaitanidwa, ine ndinathamangira ku pikapu yanga kukawatengera a Verlin mpando. Nditakankha mpando wa galimoto ndinaona zigubu zija, zodzaza, zosatsegula.

"Verlin," ndinatero, ndikukweza chimodzi, "izi n'zotsala?"

Sindidzaiwala nkhope imeneyo. Chivundikiro chachitsulo chinagwa pansi. Difu youma ikakoka chingolo simatha ndi mtunda womwe, imadzitafuna yokha n'kuphulika. Anandilanda zigubuzo n'kuliyatsa liwiro, munthu amene ankatenga chaka kuti akwere masitepe atchalitchi.

Tcheni inali itakoledwa kale. Charlene anali ataponda moto, injini ikulira mogonthetsa m'khutu, utsi wakuda utaphimba kumbuyo konse. Merle, woimika mbendera, anali kutsogolo, mbendera yobiriwira ili m'manja. A Verlin analowa mu utsimo chakumbuyo, pakati pa Matilda ndi chingolo, n'kuzimiririka. Charlene sakanawaona. Merle sakanawaona. Ndinakuwa mpaka kukhosi kuwawa, koma ngakhale ine mwini sindinkadzimva. Mbendera ija ikanangokwera, chingolo chonse chikanadutsa pamsana pawo. Ndinena mosabisa kuti ndinaona maliro.

Dzanja la Merle linayamba kukwera.

Mayi Opal anali pabenchi yakutsogolo, cham'mbali. Mphepo itakankha utsi pang'ono, anaona chinthu chomwe anakhala akuchiona moyo wawo wonse wabanja: nsapato ziwiri zitatulukira kunsi kwa galimoto. Mpanda anaudumpha bwanji ndi diresi lawo lija, mpaka lero timatsutsana. Tinangoona atalendewera pamkono wa Merle ngati mwana pa nthambi, chikwama chikugunda kumutu kwake. Charlene anachotsa phazi. Injini inazima, bwalo lonse lili zii.

"Chachitika n'chiyani kumeneko?" anafunsa wa pachimkuzamawu.

Yankho linachokera pansi, lomveka mpaka kumakola a nkhumba. "Mulibe oyilo!"

Chiphokoso cha kuseka chinabuka. Verlin Stuckey, amene ananunkhizapo difu ya munthu aliyense m'bwalomo! Koma Charlene sankaseka. Anatsika, misozi ili mbwembwembwe.

"Adadi, ndikanakuphanitu! Mukumva? Ndikanakuphani!"

"Ikanayamba kufa ndi difu, mwanawe. Tandipatsa sipanala."

Mayi Opal anafika n'kuima pafupi ndi nsapato zija. Tonse tinadziwa kuti za Matilda zithera pomwepo.

"Verlin, tuluka."

"Chatsala chigubu chimodzi, Opal."

Mayi Opal anapumira m'mwamba. "Ndinati ikasweka ichoka. Sinasweke. Thira oyilo wakoyo. Koma ukadzalowanso pansi pa galimoto yolira, wochoka pakhomo ndi iweyo."

Merle, akusisita mutu, analola kuti ayambirenso. Mbendera itakwera palibe anayang'ana kutsogolo kwa galimoto. Bwalo lonse maso anali pa chivundikiro chija, makutu akudikira kuti phwaa. Matilda anakumba dothi, anabuula, anakoka, anakokabe, mpaka anaima yekha chifukwa cha kulemera. Palibe chinathyoka. Charlene anakhala wachiwiri, koma tinakuwa ngati watenga chikho.

A Verlin anatsimphina kukafika, anagwada, n'kuika chikhatho pa chivundikiro.

"Chofunda bwinobwino," anatero. Kenako anakanda m'mutu. "Komabe chachitsulo chija mwina..."

Chikwama cha Mayi Opal chinawapeza pakhosi.

A Verlin anatisiya nyengo yozizira yotsatira, mwakachetechete, atakhala pampando wawo kunyumba. Ambiri anawalangiza Mayi Opal kuti agulitse Matilda, poti ankangodzaza malo. Iwo anayankha kuti galimotoyo sinasweke, ndipo nkhani inathera pomwepo. Loweruka lililonse Charlene amabwera nayo kwa a Bonnie n'kuiimika chobwerera, mayi ake n'kukhala pawindo paja ndi khofi wawo.

Achinyamata a masiku ano amaimika magalimoto choloza kutsogolo, ndipo palibe amawadzudzula. Ife akale timabwererabe m'mbuyo, khosi likuwawa, popanda wotiyang'ana. Ndimawasowa kwambiri a Verlin, ine amene ndinkadandaula nawo tsiku ndi tsiku. Sabata yatha ndikutuluka mwa a Bonnie ndinaona kadontho ka oyilo pansi pa pikapu yanga. Kayenera kuti kakhala kakudontha kwa miyezi, ndipo palibe anandiuza. Ndinaima pamenepo makiyi ali m'manja, ndikuyang'ana pansi, kudikira nsapato.