A Vitus ndi Maubatizo Awo

Pa Mkanda ponse, mpaka kuwoloka malire, panalibe munthu wonyowa ngati a Vitus. Osati ndi mowa ayi, iwo ngakhale thobwa logonetsa ankaliopa. Ankanyowa ndi ubatizo. Mpingo ukangofika kumene, ngakhale wa anthu atatu ndi ng'oma yobooka, a Vitus m'madzi chubwi! Achule a mumtsinje wa Rusa ankawadziwa bwino, moti akawaona akutsetsereka ankangosendera okha.

Amene mutu unkawawawa ndi zimenezi anali alamu awo a Greyson, mkulu wa mpingo, mlongo wawo wa mayi Consolata akazi a Vitus. A Greyson chiphunzitso chawo chinali chimodzi chaka ndi chaka: munthu amene Mulungu wamugwira dzanja samutayanso, zivute zitani.

"Alamu," ankatero a Greyson, "munabatizidwa muli khanda ku mishoni ya Guilleme. Pokwatira mlongo wanga munalowa mpingo wathu, tinakulandirani. Mukusakanso chiyani m'madzimo? Matemba?"

"Alamu, njinga yanuyo munaipopa liti?"

"Dzulo."

"Bwanji simunangoipopa kamodzi tsiku loigula lija?"

"Chipulumutso si chubu, inu!"

"Chanucho kapena. Changachi chimaphwa. Dzana mbuzi za a Joe zinalowa mu mtedza wanga. Mawu amene ndinaziuza mbuzi zija, alamu, ndinachita kumva mpweya ukutuluka, fyuu!"

Tsiku lina a Vitus anapalasa njinga kukagulitsa mtedza ku Zambia, n'kubwerako malaya akudontha.

"Bambo a Stelia," anatero mayi Consolata, "mvula yake iti mu Okutobala muno?"

"Ndakonza za kutsidyako, amayi. Nanga imfa ikandipezera kumeneko? Anthu oti kwacha yathu yomwe amayamba aisintha, ubatizo wa kuno angaulandire chonchi?"

Koma chimene chinkawadya kwambiri a Vitus chinali agogo awo aamuna, amene anamwalira ali munthu wa gule, asanapondeko m'tchalitchi. Abusa ena ovala zoyera atawamiza mu Rusa, a Vitus anavuuka, kupuma kamodzi, n'kugwira mkono wa abusawo.

"Bwerezani, abusa. Kachiwirika n'ka agogo."

Abusa anakana. A Vitus anadzimiza okha, mkono uja osausiya. Anadzavuulidwa onse awiri ndi amayi a kwaya, abusa nsapato imodzi itapita ndi madzi.

"Agogo anuwo nkhani yawo inatha," anawadzudzula a Greyson madzulo ake. "Osankhidwa ndi osankhidwa basi."

"Ndiye mukuti munthu woti chaka cha njala anagawira mudzi wonse mbewu, Mulungu anangomulenga kuti akakhale nkhuni?"

A Greyson anatsokomola, n'kuyamba kufunsa za mtengo wa feteleza.

Chaka chatha, nthawi yokumba mtedza, a Vitus anagwa m'munda khasu lili m'manja. Sanadzukenso. Anthu anati maliro awa nyimbo zake zikamveka mpaka ku Kachebere, ndipo mipingo inabweradi, mayunifolomu mbwee ngati pamsika wa zitenje. Koma paja mpingo umaimbira maliro munthu wake yekha, amene wafa ali m'kati. Atsogoleri anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti amvane kuti malemuwa anali a yani.

"Kwathu anachoka kalekale."

"Kwathu anangobatizidwa, sabata yotsatira sitinawaonenso."

"Ife timamva kuti ali kwa inu."

A ku Zambia anati iwo angobwera kudzapepesa.

Dzuwa linafika pamutu, kenako linapendeka. Amayi a makwaya anakhala chete, aliyense kudikira mtsogoleri wake. Ndipamene mayi Consolata anatuluka m'nyumba ya siwa, nadzagwada pafupi ndi alongo awo, anthu onse akuona.

"Achimwene, mwamuna wanga apite ngati galu? Si inu mumati wogwidwa dzanja satayidwa? Kwanu analowa, womulandira munali inu nomwe. Yambitsani nyimbo imodzi yokha, amayiwa atsatira."

Nyimboyo a Greyson inali pakhosi pomwe, ankachita kuimva ikukankha. Anayang'ana akulu anzawo. Onse maso anali pa nsapato. A Greyson ankadziwa kuti mkulu woimbira munthu wotuluka mumpingo, ukulu umathera pomwepo. Anadikira kuti mwina wina wa mpingo wina ayambe. Palibe anayamba.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "za dzanjazo n'za kumwamba. Pansi pano pali malamulo."

Adzukulu okumba manda anatopa n'kudikira, ananyamula bokosi. Njira yonse ya kumanda kunkangomveka mapazi, ndi kulira kwa mayi Consolata ndi mwana wawo Stelia. Munthu wa mipingo yonse anapita wopanda nyimbo.

Pa Mkanda pano pauma. Pagolosale palibenso woyambitsa mkangano woti anthu aiwale zomwe amadzagula. A Greyson ukulu akadali nawo, koma za dzanja zija sanalalikirenso. Mlongo wawo amawapatsa moni ngati wa munthu wokumana naye m'minibasi.

Mwezi wathawu kunabwera mlaliki wina ndi tenti komanso zokuzira mawu. Ataitana ofuna kupulumuka kuti abwere kutsogolo, anthu anangoyang'anana. Anali asanaganizepo kuti zaka zonsezi ankadikira a Vitus adzuke kaye, manyazi achoke, ena n'kumatsatira. Mlaliki anakuwa mpaka mawu anasasa. Zii.

Kenako benchi inalira kumbuyo. A Greyson anali ataimirira, jekete lawo la Lamulungu lili pathupi. Mkulu mnzawo anawakoka mkono.

"Akulu, mwazungulira mutu? Inu munapulumuka kalekale!"

"Ndisiyeni. Tsiku lija ndinadikira kuti wina ayambe."

Anayenda okha mpaka kutsogolo. Mayi Consolata anali pamphasa, mbali ya amayi. Anawayang'ana alongo awo mpaka atagwada, kenako anamanga bwino chitenje, n'kubwerera kunyumba kukaswa mtedza.