Chikwangwani Chanu Chadya Zenera Langa

Kwa Bwana Mkulu wa Kampani ya Magetsi,

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada pansi. Ine ndine mayi wojambula zithunzi m'kachipinda kali pakati pa telala ndi wometa, kasitomala wanu wokhulupirika ngakhale simundidziwa. Ndalemba kudzathokoza, poti makolo anandilera bwino.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa ntchito. Kale ndinali waulesi, wodalira mababu akuluakulu. Inu mutayamba kuthimitsa magetsi mwakhama, osaphonya tsiku, ndinakoka katani n'kupeza kuti kani ndili ndi zenera. Ndinaphunzira kukhazika munthu cham'mbali mwake kuti kuwala kumusisite tsaya limodzi. Mbali inayo mlamu wanga amagwira nsalu yoyera yobwezera kuwala, uku akudandaula mikono. Dzuwa likakalipa ndimapachika neti yakale ya udzudzu, ndipo nkhope zimatuluka zosalala ngati zodzola mafuta. Ngakhale wometa uja, amene galasi lake lomwe limamuopa, anapeza mkazi ndi chithunzi changa. Sukulu yonseyi munandipatsa inu, ndipo sindinakupempheni n'komwe.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha chikwangwani chimene antchito anu adzika kutsogolo kwa zenera lomwelo. Akuti pali nkhope yanu, mukumwetulira, babu lili m'manja, ndi mawu oti mukuwalitsa dziko. Odutsa mumsewu akuti n'chokongola. Ine umboni ndilibe, chifukwa ndimaona kumsana kwanu kokha, malata ndi misomali. M'chipinda mwanga tsopano muli mdima wa ndiweyani masanasana.

Chachitatu n'chaching'ono, musatope nacho. Mwana wa telala akukwatiwa Loweruka, ndipo dzulo anabwera kuti ndimujambule atavala diresi lake. Pachithunzi panatuluka diresi, mano ndi maso. Mwiniwake sanatuluke. Mtsikanayo analira, mayi ake, telala uja, anangotola chikwama, nati ngati sizisintha ajambulitsa pa foni ya msuweni wake. Bwana, telala ndi wailesi ya msewu uno. Akanditaya iyeyo, ndatsala ndi kamera ndi mlamu basi. Kunena zoona, mtima ukundipweteka.

Tsono pempho langa nali. Sindikuti mubwezere magetsi, sindipempha zosatheka. Sindikutinso muzule chikwangwani, ndine yani ine kuti ndigwetse nkhope ya bwana? Ndikungopempha chilolezo choboola kabowo kofanana ndi zenera langa Loweruka lisanafike. Mlamu wakwera kale pamakwerero n'kuyeza, ndipo mwamwayi malowo agwera ndendende pa babu limene mwagwiralo. Mano anu sitiwakhudza.

Mukalola, Bwana, mudzatha kulengeza mosanama kuti nyumba imodzi m'dziko muno imalandira kuwala tsiku lililonse kudzera m'manja mwanu.

Ine wanu wogonjera, wolemba ali panja poti m'kati simukuoneka,

Mayi Wojambula